Chaka Chimene Lusungu Anakana Mbewu

Senderani kuno, ana inu, mvula iyi sikata msanga. Iwe Tawonga, chotsa mwendo pa lichero. Aliyense atenge mpeni ndi chinangwa chake, nkhani imalowa bwino manja akugwira ntchito. Ndilankhula Chichewa changa chokhotachi, poti Chitonga inu munachisiya pa depoti ku Lilongwe. Wondiseka asenda dengu lonse yekha.

Dzulo munandifunsa kuti bwanji mayi anu aang'ono a Lusungu akayamba kulankhula, amalume anu onse amakhala phee. Inu mukuyesa anabadwa choncho. Ayi ndithu.

Lusungu ndi mzime wanga. Anabadwa ine nditaleka kale kuyembekezera mwana, agogo anu aamuna atabwerako ku Joni ndi chifuwa chimene chinadzawatenga. Anali mwana wosalankhula. Sindikunena manyazi wamba. Mlendo akafika, iye ankazimirira ngati nkhanu mumchenga. Ukamufunsa ngati wakhuta, ankakanda pansi ndi chala chakuphazi. Ukamutuma kolakwika, ankapita kolakwika komweko, n'kubwera chimanjamanja osanena kanthu. Anthu ankatiyamikira kuti talera bwino, chifukwa masiku amenewo mtsikana wachete ndiye ankatchedwa waulemu. Kusukulu ankakhoza, koma papepala pokha. Aphunzitsi ena anatha chaka chonse osadziwa kuti mawu ake ndi otani.

Tsopano mumve za munda, chifukwa nkhani ili pamenepo.

Inu kwanu mumadya za m'thumba la kusitolo. Ife kuno moyo ndi chinangwa. Kale tinkachiviika m'maenje m'mbali mwa mtsinje, tikumaphimba ndi masamba, mpaka chifewe ndi kutulutsa fungo lija inu mumatseka nalo mphuno. Tinkachiyanika pathandala, n'kusinja mumtondo mpaka mapewa kuuma. Lero kuli migolo ya pulasitiki ndi chigayo pa Chintheche, ndiye atsikana amati atopa chifukwa anaimirira pamzere. Koma chinthu chimodzi sichinasinthe: chinangwa sichifulumira. Ukabzala molakwa chaka chino, kulira kwake udzalira chaka chamawa, nthawi yokonza itapita.

Munda wanga unali utandinamiza kawiri. Pamwamba unkaoneka munda ndithu, kungoti masamba ena achikasu, ena okwinyika. Koma ukakumba n'kudula, mkati zipsera zofiirira, zouma ngati nkhuni yofumbwa. Pa dengu lonse ukasankha chabwino, chotsala chosadzaza n'lichero lomwe. Tinapulumukira nthochi ndi mango. Ndinkadziwa kuti ukandinamiza kachitatu, m'nyumba muno simukhala chakudya, ndipo Lusungu asiya sukulu akatsuke mbale ku malo ogona alendo ku Kande, monga anzake ena anachitira.

Mbewu ya munda umenewo inkachokera kwa alamu anga a NyaChirwa, mlongo wawo wa agogo anu aamuna. Kwa Lusungu anali ankhazi, amene inu mumati azakhali. Kuno mbewu ya chinangwa ndi mitengo yake yomwe ija, timaidula zidutswa n'kuzika m'mizere. Mbewu imeneyi timapatsana pachibale, ndipo siikanidwa. Makamaka ine, mkazi wamasiye wokhala pa dothi la a Chirwa. Chaka chilichonse mvula ikayamba, a NyaChirwa ankasenza mitolo pamutu pawo, n'kudzaitula pansi pa mtengo wa mango uwo. Sankanena zambiri, koma tanthauzo lake aliyense ankalidziwa: mlongo wathu anapita, iwe ukadali wathu, lima. Mbewuyo inali ya amayi awo, mtundu wowawa uja wa kondowole wokoka bwino. Ankainyadira kuposa ana awo.

Lusungu ali Fomu 3, nyengo ya mwera itayamba, kunabwera aphunzitsi ake a sayansi, mayi wina wa ku Karonga. Anakhala pakhonde pomwe pano. Anati ku Mzuzu kuli koleji ina imene pa tchuthi chachitali imaitana ana a sekondale okhoza bwino, kuti akagone komweko milungu ingapo, akalawe maphunziro a kukoleji. Anati asankha Lusungu. Ine ndinafunsa kuti kodi kumeneko amafuna ana olankhula kapena ongokhala. Mayiwo anaseka, n'kunena kuti n'chifukwa chake akufuna apite iyeyo. Mwini wake anali kuseri kwa chitseko, akumva zonse, osatsokomola n'komwe.

Mwana wa a Chirwa sapita kutali ankhazi ake osadziwa. Ndinapita kukawauza. A NyaChirwa anali kukonza usipa, sanadzutse n'komwe mutu.

“Apite,” anatero. “Kaya akatola pakamwa kumeneko.”

Lusungu anakwera minibasi pamsewu apo, atanyamula bulangete la bambo ake, juzi yobwereka ndi usipa wokazinga m'chitini. Ulendo wa ku Mzuzu lero ndi masewera, munthu amapita m'mawa n'kubwera dzuwa likadalipo. Ine ndili mtsikana, kungofika ku Nkhata Bay tinkayenda wapansi, dengu pamutu, kugona kwa achibale panjira. Ukapeza lole ya matabwa yakukweza, unkafika m'maso muli fumbi, matako osamva kanthu, koma unkasimba mwezi wathunthu. Inu mukakhala pang'ono m'galimoto mwayamba kale kufunsa ngati tafika.

Za kukolejiko sindinazione ndi maso. Anandiuza yekha pang'onopang'ono, miyezi itapita, tikuviika chinangwa. Ndikupatsani monga anandipatsira.

Masiku oyamba anavutika. Kuzizira kwa Mzuzu kunamulowa m'mafupa. Kodyera sankadziwa kuti munthu ukhoza kupempha ndiwo zina, ndiye ankadya chimene chagwera m'mbale. Choopsa kwambiri chinali cha m'mawa: mwana aliyense ankayenera kuimirira pamaso pa anzake, kutchula dzina lake, n'kufunsa funso limodzi, lililonse. Nthawi imeneyo ikayandikira, Lusungu ankakadzitsekera kuchimbudzi. Tsiku lina analongedza chikwama kuti akakwere minibasi abwere kwawo.

Amene anamuletsa ndi mnzake wogona naye chipinda chimodzi, Esnati, mtsikana wa ku Nsanje, wolongolola ngati nkhuku yoikira. Anangokhala pachikwamacho, n'kunena kuti iwe ukapita ine ndizilankhula ndi ndani, poti ena onse amandidula pakamwa. Kenaka zinadziwika kuti wolongololayonso anali ndi ake mantha. Masamu ankamuliza misozi. Ndiye anapangana. Lusungu azimuonetsa masamu, Esnati azimuphunzitsa kutulutsa mawu. Ankaimika tsache pakona, kulimanga duku, n'kunena kuti awa ndi aphunzitsi aakulu, afunse funso. Lusungu analankhula ndi tsache mpaka kuzolowera. Musaseke, enanu tsache lomwe likhoza kukugonjetsani.

Kenaka aphunzitsi a kumeneko anauza ana kuti aliyense abweretse vuto limodzi la kwawo limene akuluakulu alephera kulimvetsa. Ena ananena za magetsi, ena za madzi osefukira. Lusungu ananena chapansipansi kuti chinangwa cha amayi ake chikuola mkati. Ana a m'tauni ena anaseka. Aphunzitsiwo sanaseke. Anatengera gulu lonse kumunda wa kolejiyo, n'kuwaonetsa masamba achikasu omwe aja, ndi tintchentche toyera tobisala kunsi kwa tsamba. Anawauza kuti nthendayo imakhala mumtengo momwemo, ndipo ukadula mbewu pa chinangwa chodwala, wasenza nthendayo wekha kupita nayo kumunda watsopano.

Tsiku lomaliza anaimirira m'holo yodzaza anthu kufotokoza zimenezi. Mnyamata wina anamufunsa funso lomukola dala, iye n'kuyankha kuti sakudziwa, koma akafufuza. Anandiuza kuti pa zonse za kumeneko, chachikulu chinali chimenecho: ananena mokweza kuti sakudziwa, anthu onse akumva, ndipo sanafe.

Atabwera, sindinganene kuti ndinakondwa nazo zonse. Ankandiyang'ana m'maso polankhula. Ndikamutuma ankapita ndithu, koma ayambe wafunsa kuti chifukwa chiyani. Kutchalitchi ku Bandawe anaimika mkulu wa mpingo panja kumufunsa za vesi, ine ndinachita kuyang'ana kumbali ngati si wanga. Za mbewu anandiuza sabata yoyamba yomwe. Ndinamva, koma ndinaziika padenga. Mvula inali kutali.

Mvula inafika, sukulu zitatsekera Khirisimasi. Mizere tinali titaunda kale. M'mawa wina a NyaChirwa anatulukira ndi mtolo pamutu, akazi awiri a kwawo akuwatsatira ndi mitolo ina. Anatula pansi pa mango. Ine ndinagwada, ndikuomba m'manja mothokoza, yewu, yewu, monga mwa nthawi zonse. Lusungu anachokera kuchitsime, anatula ndowa, n'kupita pa mitoloyo. Anasolola mtengo umodzi, anauyang'ana, anayang'ana timasamba totsalira kunsonga. Kenaka analankhula ali chiimire, monga ankachitira m'holo muja.

“Ankhazi, mbewu iyi ndi yodwala. Ndi imene ikuwononga munda wa ama. Tisabzale.”

Kukoleji mawu amenewo akanamuombera m'manja. Kuno, ukauza munthu pamaso pa anthu kuti chinthu chochokera m'manja mwake ndicho chikupha munda wako, wamutchula dzina lina, ngakhale usalitchule. A NyaChirwa anapukuta manja pachitenje, pang'onopang'ono.

“Mlamu,” anatero kwa ine, mwanayo osamuyang'ana, “ufiti wanga mwauona liti? Mukanandiuza nokha, osachita kutuma mwana.”

Anatembenuka n'kumapita, akazi aja pambuyo. Mitolo inatsala pomwepo.

Dzuwa lisanapendeke nkhani inali itafika kunyanja, kwa asodzi. La Mulungu a NyaChirwa anasamuka pa benchi imene tinkakhalira limodzi chikwatiwire ine. Mwana wawo wamwamuna anayamba kudutsa m'malire a munda wanga, akuyang'anayang'ana ngati munthu woyeza. Palibe ananena kuti choka. Zoterezi sanena.

Mbewu yodula siidikira. Ikakhala masiku ambiri pamtunda imauma, ndipo mvula yoyamba ikakupita, yapita. Ine ndinaganiza zobzala yomweyo. Ndinati njala tinaionapo, koma munthu wopanda abale ndi wopanda dothi sindikudziwa kuti amakhala bwanji. Ndinamuuza Lusungu kuti mawa apite akagwade, akanene kuti anali mawu achibwana, abwere tibzale.

Lusungu wakale akanapita, akanagwada, nkhani n'kuthera pomwepo. Uyu anapitiriza kusenda chinangwa chathu choolacho, n'kunena kuti:

“Ama, ndipita. Ndikapepesa kuti ndinalankhula chiimire, pamaso pa anthu. Pamenepo ndinalakwa. Koma kuti mbewuyo ndi yabwino sindikanena, chifukwa si yabwino.”

Ndinamufunsa ngati akudziwa kuti tikhoza kutaya munda. Anati akudziwa, ndipo akuopa. Anati kungoti anaphunzira kuti mantha saletsa pakamwa kutseguka, amangonjenjemeretsa mawu.

Tinapita m'mawa, iye patsogolo, ine pambuyo. Tinawapeza a NyaChirwa kuseri kwa nyumba, osati pabwalo pamene anthu amasendera, akusenda chinangwa okha. Atationa anakokera chitenje pa beseni. Lusungu anagwada patali, mmene mwana amayenera. A NyaChirwa anamusiya chigwadire mpaka mthunzi unasuntha. Ine ndinakhala pa mtondo wogwa, ndikuyang'ana nkhuku.

Pomaliza alamu anga anati, “Watola pakamwa paja. Lankhula.”

Lusungu anapepesa monga ananenera, mawu akunjenjemera, koma onse anatuluka. Anati iye ndi mwana wawo, sakanayenera kuwachititsa manyazi pa anthu. Kenaka anapempha kuti afunse funso limodzi.

“Ankhazi, chanu chikutuluka bwanji chaka chino?”

Kenaka a NyaChirwa anachotsa okha chitenje pa beseni paja. Zipsera zomwe zija, zofiirira, mulu wa zotaya kuposa wa zodya. Anati zinayamba kalekale. Anati iwo ankayesa pali munthu anawapondera m'munda, ndipo sananene kuti ankaganizira ndani, koma anandiyang'ana ine pang'ono. Ine ndinapitiriza kuyang'ana nkhuku.

Lusungu anasendera pafupi, akadali chogwada. Anatola chidutswa chimodzi, n'kufotokoza zonse zija za kukoleji, koma m'Chitonga, mofatsa, ngati akusimba za chifuwa chimene chalowa m'mudzi. Anati palibe dzanja la munthu pamenepa. Nthendayo ili mumtengo, imayenda ndi mbewu, ndipo yawagwira iwo monga yagwirira ife. Anati alangizi a zaulimi pa Chintheche amadziwa kumene kuli mbewu yosadwala, ndipo iye akhoza kupita kukafunsira minda yonse iwiri.

Ine ndinayesa zatha bwino. Koma a NyaChirwa anapukusa mutu.

“Mbewu iyi anabzala ndi amayi anga,” anatero. “Ndinakulira imeneyi, bambo ako anakulira imeneyi. Ukuti ndiizule nditenthe chifukwa cha tintchentche? M'munda mwanga ikhala. Kwa amayi ako kabzale zimene ukufuna, dothi silikuthawa. Koma mitolo yanga isaume pansi pa mango ngati zinyalala. Ubweze wekha, pamutu, masana.”

Kubweza mbewu ndi chinthu chimene ine chibadwire sindinachionepo. A NyaChirwa anachita dala kuti mudzi wonse uone amene wakana, kuti mawa zikavuta pasadzakhale kuloza wina. Lusungu anavomera. Anasenza mtolo woyamba dzuwa lili pamutu, kudutsa pachitsime, kudutsa pamene anyamata amasokera maukonde. Wina anamukuwiza kuti adokotala a chinangwa adutse. Iye anamupatsa moni, n'kumufunsa ngati cha amayi ake chili bwino mkati. Mnyamatayo anabwerera ku ukonde wake. Lusungu anabwerezanso ulendowo mpaka mitolo yonse inatha, ndipo a NyaChirwa ankalandira uliwonse pakhomo.

M'mawa mwake Lusungu anapita yekha kwa alangizi. Mwana amene kale sankatha kugula mchere pagolosale popanda kuloza ndi chala. Anabwerako kawiri chimanjamanja, koma ulendo uno ankanena chimene chachitika ndi chimene achite mawa. Kenaka alangiziwo anamulozera kwa mlimi wina cha kumtunda amene anali ndi mbewu yoyera. Tinabzala mochedwa, mvula ili pakati. Zotsalira za m'munda wakale tinazula n'kutentha, utsi wake anthu akuuonera patali.

Ndiye kudikira. Iye anabwerera kusukulu kukalemba Fomu 4, ine ndinkapalira. Chaka chimenecho tinadya mopanikiza, chigwada ndi nthochi zophika, sindikubisirani. Nthawi yokumba itakwana ndinapita ndekha ndi khasu, ndinazula phata limodzi, ndinadula. Choyera mpaka pakati. Ndinadula china. Choyera. Ndinakhala pansi pamzere kanthawi, kenaka ndinadzaza dengu n'kubwera kunyumba kudzaviika. Lusungu sanapite ku Kande.

Ufa woyamba ndinapereka lichero kwa a NyaChirwa, monga mwa mwambo. Anaphika, anadya, n'kunditumizira mawu akuti kondowole wake ndi wopepuka, safika pa wa amayi awo. Ankanena zoona. Mpaka lero sindinadyenso kondowole wokoka ngati uja.

Mukufuna kudziwa za anthuwa. Esnati uja ndi namwino tsopano kwawo ku Nsanje. Anabwerapo kuno kamodzi, analankhula kuyambira pamsewu mpaka kunyanja, asodzi anachita kusiya ntchito. Aphunzitsi a ku Karonga aja anasamutsidwa, sindinamvenso za iwo. Lusungu mukumudziwa nokha. Anakhoza mayeso, anabwerera ku Mzuzu kukaphunzira zaulimi zenizeni, ndipo lero amayenda m'midzi kuuza anthu zimene sakufuna kumva. Akuti amayamba wakhala pansi. Ine ndi uyu mukundionayu, munda ndi womwe uja, palibe anandichotsa.

A NyaChirwa anabwerera pa benchi yathu, koma mitolo sanasenzenso kubwera nayo kuno. Anapitiriza kubzala mbewu ya amayi awo, chaka ndi chaka, ikuola, iwo akusankha pang'ono potsalapo. Njala ikawapana, ufa unkachokera kwa ine, ndipo sitinkakambirana za kumene wachokera. Atadwala matenda omaliza, anaitana ana awo aamuna n'kuwauza kuti mbiri yawo pa maliro asanene iwo, adzanene Lusungu, chifukwa enanu mudzandinamizira zabwino. Amunawo anang'ung'udza, poti si ntchito ya mkazi, koma mawu a womwalira satsutsidwa. Lusungu ananena pa manda kuti ankhazi ake anali munthu wouma mutu, wosagonja, ndiponso kuti mwana wamasiye sanagonepo ndi njala pakhomo pawo. Anthu anavomera zonse ziwiri.

Munda wawo uli apo, kuseri kwa chitsime, wamera tchire. Ana awo atagawana katundu, anafunsa ngati pali wofuna kudulako mbewu. Palibe anadula.